Miyezi Iwiri Osasamba

Kwathu mkazi satchula zinthu zina ndi dzina lake lenileni. Zimene zimatichitikira mwezi ndi mwezi timangoti kusamba, ndipo mkazi mnzako akamva amadziwa kuti sukunena za madzi ndi sopo. Ndinakula ndikudziwa choncho. Sindinkaganiza kuti pangakhale chinthu cholankhula Chichewa koma chosadziwa zimenezi.

Foni inabwera ndi bambo a mwana wanga. Iwo amagwira ntchito ku Joni, ndipo chaka chimenecho anabwera kudzadya Idi, nakhala nafe masabata asanu. Mwana anali ndi miyezi isanu ndi itatu. Kutatsala tsiku limodzi kuti abwerere, anandikhazika pakhonde pa amayi anga, m'mudzi mwathu pakati pa boma ndi Nkopola, nandionetsa zinthu ziwiri za m'fonimo.

"Apa ndi posechera," anatero. "Ukalemba mawu, pamabwera masamba ambirimbiri, iwe n'kusankha wekha lowerenga. Koma izi ndi za anthu a sukulu. Zako ndi izi." Anadina kachizindikiro kena. "Aka ndi kaloboti. Umakafunsa ngati munthu, iko n'kukuyankha ngati munthu. Chichewa kamachidziwa kuposa iwe Myao."

"Nanga kakandinamiza?"

"Kakunamize chifukwa chiyani? Mukulimbirana mwamuna?"

Ndinaseka, ndinabisa nkhope m'chitenje. Sukulu ndinalekeza Sitandade 5. Kuwerenga Chichewa ndimatha, kulemba ndimalemba ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono. Masiku oyambirira ndinkangokafunsa zachibwana, monga dzina la nsomba m'Chingerezi. Kankayankha mwaulemu, kundinena kuti inu. Palibe munthu anandilankhulapo choncho.

Ndinali nditayambiranso kusamba mwana ali ndi miyezi isanu ndi umodzi. Bambo ake atapita, mwezi unatha osaona kanthu. Ndinati mwina ndi maganizo. Mwezi wachiwiri unathanso. Pamenepo tulo ndi chakudya zinayamba kundikana.

Chimene ndinkaopa chili ndi dzina lake: kutumbiza, kutenga pakati wina akadali pabere. Kwathu ndi manyazi aakulu, ndipo manyaziwo amagwera mkazi yekha. Panali mayi wina wa kutsidya kwa msewu amene zinamuchitikira. Akafika pamjigo anthu ankayamba kutsokomola. Wina ankati, "Mupatseni mpata atunge, ali awiri ndi theka." Wina ankati, "Amphaka okha ndi amene amatero." Ine sindinkalankhula nawo, koma ndinkaseka nawo. Ndipo amayi anga ankanena poyera kuti mkaka wa mayi wapakati ndi wovunda, mwana akauyamwa amatsegula m'mimba, amaonda, tsitsi n'kufiira.

Ndiye funso langa linali limodzi: kodi ndimuletse bere mwana wanga kapena ayi? Ndikanafunsa yani? Amayi akanandiyang'ana kamodzi kokha n'kudziwa zonse. Kusikelo kumene timapita m'mudzi, woyeza ana ndi bambo amene amaswali mzikiti umodzi ndi amalume anga. Pamaso pa bambo ameneyo ngakhale dzina la mwana ndimalitchula chapansipansi.

Tsiku lina masana ndinali pamathandala, ndikutembenuza usipa wa amalume kuti uume mbali zonse. Anzanga anali atapita kukadya. Ndinakhala pansi pa thandala, pamthunzi, mwana ali kumsana, ndinalemba kwa kaloboti kaja: "Ndili ndi mwana woyamwa. Ndatha miyezi iwiri osasamba. Nditani?"

Yankho linabwera ndisanaphethire n'komwe. Kanati zikomo chifukwa chomasuka. Kanati amayi ambiri a ana aang'ono amasowa nthawi yodzisamalira, ndisachite manyazi. Kenako kanandiyalira malangizo: ndipemphe wachibale andigwirire mwana, nditenthetse madzi, ndigwiritse ntchito sopo wosanunkhira kwambiri, ndiyambe ndi kumaso ndi m'khwapa. Kanati kukhala miyezi iwiri osasamba kungabweretse zilonda pakhungu ndi fungo.

Ndinamva kutentha m'makutu. Ine wobadwira m'mbali mwa nyanja, amene ndimalowa m'madzi m'mawa ndi madzulo, amene ndimatawaza kasanu pa tsiku, lero chinthu chopanda khwapa chikundiphunzitsa kutsuka m'khwapa! Ndinayang'ana uku ndi uku ngati pali wina waona.

Ndinalembanso: "Si kusamba kwa sopo ayi. Kusamba kwa ife amayi."

"Pepani kwambiri, mukunena zoona," kanatero. Kenako kanafotokoza mmene mayi amene wangobereka kumene ayenera kusambira madzi ofunda.

Kachitatu ndinalemba mawu amene sindinawatchulepo ndi pakamwa chibadwire. Ndinalemba za magazi. Apo ndiye kanamva. Kanapepesanso, kanati amayi oyamwitsa ambiri amadumphitsa miyezi, ndi zachilengedwe, ndisade nkhawa. Pansi pake kanawonjezera kuti ngati ndili ndi nkhawa ndionane ndi dokotala.

Mawu a dokotalawo ndiwanene, chifukwa analipodi. Koma ankakhala pansi pa yankho lililonse, ngakhale lija la sopo. Ali ngati mmene wogulitsa kaunjika amanenera kuti "mukayese kaye" pa chovala chilichonse. Khutu limazolowera, silimvanso.

Ndinakondwa masiku atatu. Tsiku lachinayi fungo la usipa, limene ndakulira, linandidzutsira mseru, ndinasanza kuseri kwa mathandala.

Apo ndinati ndiyese kuja posechera. Ndinalemba mawu omwe aja. Panatuluka mizere yobiriwira ngati nyanja, yambiri ya Chingerezi, yotsikira pansi osatha. Panali zithunzi za ana achizungu ali m'mabeseni a thovu. Panali tsamba lina la Chichewa, ndinalitsegula ndi chimwemwe, koma linali la munthu wogulitsa mankhwala a zitsamba, akuti amabwezeretsa kusamba m'masiku awiri, amabwezeretsanso mwamuna wothawa. Tsamba lina linakana kutseguka, kachinthu kankangozungulira. Ndinalemba "kutumbiza". Panabwera timizere tochepa tosagwirizana ndi nkhani, ndi funso loti mwina ndimafuna kulemba mawu ena.

Posechera panali ngati kufunsa njira kwa munthu, iye n'kukuthira mtolo wa mapepala pamiyendo, n'kumapita. Sanandinyoze, koma sanandithandizenso. Ndinabwerera kwa kaulemu kaja, chifukwa iko kokha ndi kamene kankandiyankha.

Ndinalemba monga mmene mtima unkanenera: "Ndikuganiza kuti ndili ndi pakati. Mkaka wanga tsopano ndi woipa kwa mwana eti? Ndimuletse bere eti?"

Kanayankha kuti: "Inde, nkhawa yanu ndi yomveka. Mayi akakhala ndi pakati mkaka umasintha, ndipo amayi ambiri amasankha kuletsa mwana kuyamwa. Ndinu mayi wabwino poganizira thanzi la mwana wanu." Panali mawu ena ambiri pansi pake, ena Chichewa chake chopindika moti sindinamve mutu wake. Koma "inde" ndinamumva. "Mayi wabwino" ndinamumvanso.

Madzulo omwewo ndinasinja tsabola wa kambuzi, ndinapaka kumabere onse awiri. Mwana anabwera akukwawa, akuseka, monga ankachitira. Anagwira la kumanzere. Kulira kumene analira sindikufuna kukulemba. Amayi ndinawauza kuti mwana wayamba kundiluma, ndatopa naye. Anandiyang'ana, anangoti, "Wadziwa wekha."

Masiku asanu anatsatira. Phala ankalavula. Madzi ankamwa pang'ono. Ankandikoka bulauzi, ndikamukankha ankadzigwetsa chagada. Mabere anatupa ngati maungu, mkaka unkadontha wokha mpaka kunyowetsa chitenje. Tsiku lachitatu anayamba kutsegula m'mimba, chinthu chomwecho chimene ndinkamutchinjiriza. Ndinafunsanso kaloboti. Kanati pepani kuti mwana wanu sakupeza bwino, mumupatse madzi a thanzi, mupitirize kumuyamwitsa. Kupitiriza! Ngati si iko kamene kanavomera dzana kuti ndimuletse.

Tsiku lachisanu kunabwera achemwali anga, akulu anga a bere limodzi. Iwo anafika Fomu 4, amagwira ntchito yoyala mabedi pa loji ina ku Nkopola, ndipo amabwera kumudzi akapuma. Anamunyamula mwana, anamuyeza m'manja, anayang'ana chitenje changa chonyowa.

"Mwanayu wapepuka. Iwe mkaka ukutayika. Chikuchitika n'chiyani pano?"

Ndinangoyang'ana foni imene inali pamphasa. Anaitola. Sindinkadziwa kuti kaloboti kamasunga zonse zimene mwakambirana, kuyambira poyamba. Achemwali anayamba kuwerenga mokweza, ataimirira pakati pa bwalo.

"'Ndatha miyezi iwiri osasamba.' Ee! 'Muyambe ndi kumaso ndi m'khwapa.'" Anaseka mpaka anagwira mtengo wa mango. Kenako anafika pansi, kuseka kunatha. "Iwe. Wamuletsa mwana bere chifukwa cha ichi?"

"Kanati inde, achemwali."

"Kanati inde! Ndipo iwe unakafunsa bwanji? 'Woipa eti? Ndimuletse eti?' Unakapatsa yankho m'kamwa. Bwera kuno uone."

Anakhala pansi, anandikokera pafupi. Analemba ndi zala ziwiri mofulumira: "Ndili ndi pakati. Mkaka wanga ndi wabwinobwino kwa mwana eti? Ndipitirize kuyamwitsa eti?"

Yankho linabwera. "Inde, mukunena zoona. Amayi ambiri amapitiriza kuyamwitsa ali ndi pakati popanda vuto. Ndinu mayi wabwino poganizira thanzi la mwana wanu."

Mawu omwewo. Mayi wabwino yemweyo. Ndinamva ngati ndapeza kalata ya mwamuna wanga yolembera mkazi wina, mawu ake ofanana ndi a kalata yanga.

"Sizinathe," anatero achemwali. Analemba: "Kodi kutumbiza n'chiyani?"

Kanayankha mosakayika konse kuti kutumbiza ndi mwambo wakale wa Achewa wolandira mwana wobadwa kumene, pamene achibale amasonkhana, amaimba nyimbo ndi kupereka mphatso kwa mayi.

"Wamva? Tikuyenera kukuimbira nyimbo. Amama, bweretsani mphatso, mwana wanu watumbiza!"

Anali atanena mokweza dala kapena mwangozi, sindidziwa mpaka lero. Amayi anatuluka m'khitchini atagwira chipande. Sanadabwe. Anati iwo anadziwa kalekale, kuyambira tsiku limene ndinasiya kudya usipa, ndipo chinthu chimodzi chokha chanzeru chimene ndachita chaka chino ndi kumuletsa mwanayo.

"Amama, mwana akutsegula m'mimba," anatero achemwali.

"Ndi mkaka wovunda umene anayamwa kale. Ukutuluka."

"Si zoona zimenezo."

"Iwe wabereka angati?"

Achemwali alibe mwana, ndipo mawu amenewo amawalasa. Anatseka kaloboti, anatsegula posechera, analemba m'Chingerezi. Mizere ija inabwera, koma kwa iwo inali ndi tanthauzo. Ankadumpha ina, kutsegula ina. "Ili ndi la ogulitsa mkaka wa m'chitini, lisiye. Ili walemba ndi munthu wamba, lisiye. Ili ndi la achipatala, taona chizindikiro chawo pamwambapa. Akuti mayi wapakati angathe kuyamwitsa, bola azidya mokwanira, pokhapokha achipatala atamuletsa pa zifukwa zina. Ili linanso likunena zomwezo." Anandiyang'ana. "Ukuona kusiyana kwake? Kuno umaona amene wanena. Kuja sudziwa kuti kazitenga kuti. Ukanasecha, si bwenzi zili chonchi."

Ndine munthu wosayankha akuluakulu. Koma tsiku limenelo ndinayankha.

"Ndinasecha, achemwali. Anandipatsa ana achizungu m'mabeseni ndi sing'anga wobweza amuna. Inu mukudziwa loti mulisiye ndi loti mulitsegule chifukwa munapita kusukulu pamene ine ndinkalera ana a amalume. Kwa ine onsewo ndi mizere. Chanu chija chimathandiza amene akudziwa kale. Changa chija chimanamiza amene sadziwa. Nanga ine ndipite kuti?"

"Kuchipatala, chitsiru iwe. Kumene kuli anthu."

"Mwana sabwerera kubere pakhomo panga pano," anatero amayi. "Foni yanena, foni yanena. Dzana inanena zina, lero ikunena zina. Ine ndanena chimodzi kuyambira muli m'mimba."

Pamenepo amayi sananame. Ndipo ndinaona chinthu chimene chinandipweteka kuposa kuseka kwa achemwali. Kaloboti sikanandiuze chatsopano chilichonse. Kanatenga mantha anga, amene ndinawatenga kwa amayi ndi pamjigo, kanawachapa, kanawasita, n'kundibwezera ngati nzeru za kutali. Ndikanamva kwa amayi okha mwina ndikanakayika, pakuti ndimadziwa kuti amayi amalakwitsa zina. Koma ndinaganiza kuti zanenedwa ndi awiri.

M'mawa mwake achemwali sanandifunse maganizo. Anaimitsa njinga ziwiri za kabaza, tinapita kuchipatala chaching'ono cha kufupi ndi msewu waukulu, osati kusikelo ya m'mudzi. Tinadikira pabenchi mpaka dzuwa linafika pamutu. Anesi amene tinawapeza anali mayi wamkulu, wa magalasi, wotopa. Anamuika mwana pasikelo, anatsegula kabuku kake, anayang'ana mzere.

"Mzere watsika. Akuyamwa?"

Ndinapukusa mutu.

"Chifukwa?"

Ndinayang'ana achemwali. Iwo anayang'ana kudenga. Anali atandiuza panjira kuti sadzandilankhulira ngakhale liwu limodzi.

"Sindinasambe," ndinatero.

"Kwezani mawu, mayi, kuno si kuchinamwali."

"Sindinasambe miyezi iwiri."

Sanandifunse za sopo. Anatsegula kabati, anandipatsa kakapu, anandilozera chitseko. Nditabwerera anaviikamo kachoyezera, tinadikira pang'ono. Mizere iwiri.

"Muli ndi pakati. Ndiye mwamuletsa mwana wa miyezi khumi, nyengo yotentha ino, chifukwa cha zimenezi? Anakuuzani ndani?"

"Foni."

Anavula magalasi. "Foni. Foniyo inamuona mwanayu? Inamukweza pasikelo? Sabata yatha kunabwera wina atamwetsa mwana madzi a adyo, akuti foni. Inu amayi a masiku ano mudzatipha." Anapitiriza kukalipa uku akulemba. Anati mkaka wanga sunavunde, mkaka suvunda m'bere. Anati ndizidya kawiri kuposa kale, ndiyambe sikelo ya amayi apakati mwezi womwewo, ndipo ndikadzamva kupweteka m'mimba kapena kuona magazi ndithamangire kwa iwo. Anandipatsa timapaketi ta madzi a thanzi ndi timapiritsi ta mwana. Kenako analoza benchi la m'chipindamo. "Khalani apo. Muyamwitseni ndikuona."

Ndinakhala. Ndinatulutsa bere la kumanzere, limene linali lotupa kwambiri. Mwana analiyang'ana, anakuwa, anatembenuza mutu, anandimenya pachifuwa ndi kadzanja kake. Ndinayesanso. Anadzipinda ngati nsomba yofuna kuthawa m'manja. Anthu a pamzere ankasuzumira pakhomo.

"Munapaka chiyani?" anafunsa anesi.

"Kambuzi."

Anapumira m'mwamba. "Ana sakhala zitsiru. Muzimuyesa akakhala ndi tulo, asanadzukiretu. Mufinyire mkaka pamlomo pake. Musamukakamize. Wotsatira!"

Kunyumba amayi sanandilankhule masiku awiri. Ndinkafinyira mkaka m'kapu, kumumwetsa ndi supuni, iwo akuyang'ana kumbali. Bambo a mwana nditawauza pa foni, anayamba ndi kuseka nkhani ya sopo, kenako anati ndinakafunsa molakwika, kaloboti kamafuna munthu wodziwa kufunsa. Ndinawafunsa kuti nanga munthu wodziwa kufunsa amafuniranji kufunsa. Anati netiweki ikuvuta.

Pamjigo anayamba kutsokomola mimba isanaoneke n'komwe. Mayi wa kutsidya kwa msewu uja yekha ndi amene anandithandiza kusenza ndowa.

Tsiku lachitatu chibwerere kuchipatala, masana, mwana anagona pamiyendo panga pansi pa mango. Atayamba kutakataka, maso akadali otseka, ndinafinyira dontho pamlomo pake monga ananenera anesi. Ananyambita. Ndinamusendeza ku bere la kumanja. Anakhala kaye osachita kanthu, mpweya wake ukundiwomba. Kenako anagwira, anayamba kukoka, mwamphamvu mpaka ndinamva kupweteka kumsana. Sindinasunthe ngakhale nyerere zinkandikwera kuphazi.

Amayi anatulukira ndi lichero, anaima. Ndinawayang'ana m'maso, chinthu chimene sindichita.

"Akadwala usadzandidzutse," anatero, napitirira.

Mwana analeka kutsegula m'mimba patapita masiku awiri. Anayamwa mpaka mimba yanga itafika miyezi isanu ndi umodzi, kenako analeka yekha. Koma nthawi yonseyo ankayamwa la kumanja lokha. La kumanzere, ngakhale ali m'tulo tofa nato, ndikangomuyandikiza ankatseka pakamwa, n'kutembenuka.